Makutu a Tamando

Kwathu timadziwika ndi makutu. Mabanja ena amadziwika ndi mpata wa mano, ena ndi mawu okoma pakwaya, koma ife ana a malemu a Lexon, Mulungu anatipatsa makutu, ndipo sanaumire. Ndi aakulu, otambasuka, oima pambali pa mutu ngati zogwirira za poto. Achimwene anga a Nebert anangowavomereza n'kumayenda nawo poyera. Ine Lekani, mzime wa banjali, ndimawakwirira ndi tsitsi loluka tsiku lomwe ndawakumbukira. Koma achemwali athu aakulu, a Immaculata, awo anawatsekera m'ndende kalekale. Chiwasekereni anzawo kusukulu, palibe anawaonanso makutu amenewo. Pakasowa duku ndiye kuti pali wigi, pakasowa wigi ndiye kuti pali chipewa cha kutchalitchi.

Achimwene anakwatira alamu anga a Hellen ali kale ndi mwana wamkazi, Tamando, yemwe nthawi imeneyo anali atangoyamba kuyenda. Bambo womubereka anapita ku Joni mwanayo ali m'mimba, ndipo mpaka lero foni yake siipezeka. Tamando wakulira m'nyumba ya achimwene ku Area 11, kuwaitana adadi, kuwakwera pamsana, kuwabisira magalasi akafuna kuti asapite kuntchito. Tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Makutu ake ndi ang'onoang'ono, ogona bwinobwino, a kwa eni ake.

Nkhani inabuka a Hellen atapeza mwayi wokaonjezera maphunziro a unamwino kunja kwa dziko, chaka chathunthu. Tonse tinakondwa. A Immaculata nawonso anakondwa, kenaka anafunsa kuti nanga mwana wa a Hellen uja akhala kuti. Umu ndi momwe amamutchulira nthawi zonse, mwana wa a Hellen uja, ngati dzina lake limalipiritsa msonkho ukalitchula.

"Mwamuna yekha sangalere mwana wamkazi wa mwini," anatero. "Mwambo wathu ndi wodziwika. Mwana ndi wa mbumba ya kuchikazi. Amalume ake alipo ku Nathenje, akamutenge."

Achimwene anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. "Tiona," anayankha.

Mawu oti tiona amandinyansa ine, makamaka akatuluka m'kamwa mwa achimwene. Munthu ameneyu ku Capital Hill amatsogolera misonkhano, anthu amaimirira akamalowa, koma pamaso pa achemwali amasanduka mwana wa Sitandade 2. Chifukwa chake ndimachimvetsa. Makolo athu atamwalira ndi a Immaculata amene anamulera, kumuchapira, kumuphunzitsa mpaka kukoleji. Komabe kumvetsa sikundiletsa kupsa mtima.

A Hellen nawo anatseka pakamwa. Tsiku lina tikusenda mbatata kukhitchini ndinawafunsa kuti bwanji osangowauza amuna awo poyera kuti mwana akhale.

"Ndikawapempha avomera, alamu," anatero. "Koma chaka chonse ndizikadzifunsa ngati anavomera chifukwa cha ine kapena chifukwa cha mwanayo. Ndikufuna anene okha."

Ndiye nyumba inakhala choncho. Wina akudikira mnzake alankhule, mnzakeyo akupukuta magalasi. A Immaculata, omwe sadikira munthu, anaimbira foni a Jobu, mlongo wawo wa a Hellen, n'kukhazikitsa Loweruka loti adzatenge mwana.

Tsono a Hellen ankafuna kupita kunjako ndi chithunzi cha mwana wawo. Za mufoni anati sakuzikhulupirira, foni imabedwa. Ankafuna chojambula ndi penti, choti akapachike pakhoma. Mnzawo wina anawalozera kwa a Yunusu ku Area 1, bambo wachikulire amene amalemba zikwangwani za mashopu, koma ukamupempha bwino amajambulanso anthu. Achimwene ndi amene ankapita naye Tamando kumeneko Loweruka lililonse, n'kumadikira panja akuwerenga nyuzi. Chithunzi chitatha ndinatumidwa ndine kukachitenga, Lachisanu nditaweruka ku City Centre.

Kashopu ka a Yunusu kali kuseri kwa mashopu ogulitsa malata ndi misomali, kufupi ndi mzikiti. Kuti ukafike umadutsa pakati pa a kabaza, ogulitsa nsapato za kaunjika ndi anyamata okuitana kuti sisi ngakhale uli ndi imvi. Ndinawapeza akumalizitsa chikwangwani cha butchala, chokhala ndi mbuzi yonenepa moti miyendo yake inkaoneka kuti ikuvutika. Atandipatsa moni anapukuta manja, n'kutulutsa chithunzi kuseri kwa zitini za penti.

Anali Tamando ndithu. Maso ake aja akuba, chibwano chake chosongoka, diresi yake yachikasu. Koma sankaseka. Anali atakwinya tsinya, milomo atafinya, akukuyang'ana ngati wamudyera chinachake. Kumbuyo kwake kunali geti lotseka. Phazi limodzi linali mu sandasi yake, linalo mu nsapato yakuda ya munthu wamkulu. M'dzanja anagwira kiyi, atamulendewetsa pamwamba pa nsapatoyo. Ndipo pambali pa mutu, mbali zonse ziwiri, panaima makutu athu. Athu enieni, a malemu a Lexon, owala ndi dzuwa lodutsa kumbuyo.

"Bambo Yunusu," ndinatero, "makutuwa mwawatenga kuti?"

"Panja apo, mayi. Mwini wake amakhala pabenchi apo akuwerenga nyuzi. Ndimangosuzumira pawindo."

"Koma mwanayo alibe makutu otere."

"Alibe, ndikudziwa. Anachita kuitanitsa." Anatola burashi n'kuyamba kuitsuka. "Ine ndimajambula zomwe kasitomala wanena. Wa butchala uyu mbuzi zake ndi zoonda, ndaziona, koma akufuna yonenepa, ndamuikira. Wometa akufuna mutu wopanda chipsera, ndimamuikira. Mwana uja anakhala apa n'kundiuza zonse, geti, nsapato, kiyi, makutu. Ndinamuuza kuti seka pang'ono, anakana. Akuti nkhani yake si yoseketsa."

"Simunamufunse chifukwa?"

"Ndikayamba kufunsa makasitomala zifukwa, nditseka shopu."

Ndinachikulunga m'chitenje n'kukwera nacho minibasi, kondakitala akudandaula kuti chikudya malo a munthu. Njira yonse ndinkaseka ndekha. Sindinadziwe chomwe mwanayo ankafuna, koma ndinadziwa kuti mawa kuli mlendo amene sangathe kuona chinthu chotere n'kukhala chete. A Immaculata ndi mtsogoleri wa amayi a mapemphero ku Area 14, ndipo mphatso yawo yaikulu ndi kumasulira. Ukalota nsomba akuuza amene ali ndi pakati. Khwangwala akatera pagalimoto akuuza wachibale amene akukuchitira nsanje. Ngakhale buledi akapsa mbali imodzi, iwo amamva uthenga.

Nditafika kwa achimwene, a Hellen anachiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa. Achimwene anachiyang'ana, kugwira khutu lawo, n'kutuluka panja. Tinachitsamiritsa kukhoma pabalaza, chitenje chili pompo.

Loweruka linacha ndi chisokonezo. Kiyi wa loko wa pageti anasowa. Wa sipeya anali atasowa kale mwezi wathawo, ndipo tsopano wa achimwene yemwe, amene amagona m'mbale pa tebulo, sanapezeke. Tinafufuza m'matumba, pansi pa mipando, mufiriji momwe. Galimoto yomwe imayenera kuperekeza Tamando ndi katundu wake ku Nathenje inali yotsekeredwa m'kati. Tamando anatithandiza kufunafuna mwakhama kwambiri, mpaka kukwawira pansi pa bedi, kenaka anavala diresi yake n'kutulukira pa kachitseko ka pageti kupita kuphwando la tsiku lobadwa la mnzake kunyumba yoyandikana nayo.

A Immaculata anafika masana. Galimoto anaisiya pamsewu, n'kulowera pa kachitseko komweko chowerama, atagwira duku kuti lisakodwe. A Jobu anabwera pambuyo pawo wapansi kuchokera pa siteji, atanyamula jumbo ya tomato ndi anyezi za kudimba kwawo. Ndi bambo wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono, koma m'maso mwawo muli kanthu kena komwe ndinakazindikira, chifukwa Tamando alinso nako.

Titapemphera, a Immaculata anayamba. Anafotokoza mwambo kuyambira kumayambiriro kwake, ngati a Jobu anabadwira ku Ulaya. Achimwene ankayang'ana kapeti. A Hellen ankayang'ana achimwene. Sutikesi ya Tamando inali pakhomo la kuchipinda, yomangamanga kale. Mtima wanga unkawira. Ndinadzuka kuti ndikatenge tiyi, ndipo podutsa chala changa chinakola chitenje chija. Chala changa chili ndi khalidwe lotero.

"Ichi n'chiyani?" a Immaculata anafunsa.

"Chithunzi cha Tamando, achemwali. Choti alamu apite nacho."

Anatulutsa magalasi m'chikwama. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, kukhala ija imakhala wina akati ndinalota. Anakoka mpando kuyandikira.

"Mwaona?" anatero. "Mulungu amalankhula ngakhale kudzera mwa ojambula zikwangwani. Taonani nkhopeyi. Mwana uyu sakusangalala m'nyumba muno. Tsinya ili ndi la munthu amene mzimu wake ukulira kwawo."

"Eya," anatero a Jobu.

"Geti lotsekali ndi ukapolo. Mwana watsekeredwa kutali ndi abale ake. Koma taonani chisomo, m'dzanja muli kiyi. Khomo latseguka, nthawi yake yotuluka yakwana. Ndipo nsapato, aliyense amadziwa, nsapato ndi ulendo. Yaikulu chonchi ndiye kuti ulendo wake ndi wokhalitsa."

"Nanga chikasuchi?" ndinafunsa ndikuthira tiyi.

"Chikasu ndi chimanga chakucha. Kumudzi kumeneko." Sanaphethire n'komwe. Anatembenukira kwa achimwene. "Nebert, ukuona? Si ine ndikunena. Chithunzi chanena chokha."

Achimwene anavula magalasi. A Hellen anaweramitsa mutu, ndipo ndinaona dontho likugwera pa siketi yawo. Pamenepo ndinadzitukwana mumtima, poti ndinaona ngati chala changa chawonjezera moto kumbali yolakwika.

A Jobu anamwa tiyi, n'kuika kapu pansi mosamala. "Mwamasulira bwino, mayi. Ine sukulu ya zimenezi ndilibe. Koma mwadumpha pamodzi. Makutuwa akutanthauza chiyani?"

A Immaculata anayang'ananso. Momwe sanawaonere poyamba sindikudziwa. Mwina munthu ukakhala moyo wonse ukuthawa chinthu, maso amazolowera kuchilambalala. Tsopano anawaona. Anayang'ana chithunzi, kuyang'ana achimwene, kuyang'ananso chithunzi. Dzanja lawo linakwera lokha kukagwira duku.

"Lekani," ananong'ona, "mwanayu makutu ake ali chonchi?"

Ine sindinama, makamaka tikangotha kupemphera. "Achemwali," ndinatero, "mwana ameneyu wakulira pamaso panu. Khirisimasi iliyonse amakugwadirani kukupatsani moni. Mukundifunsa ine?"

Apa ndiye panali pothina. Kuti anene kuti sakudziwa, ndiye kuti avomera kuti zaka zonsezi sanamuyang'anepo mwanayo kumaso. Ndipo ndi zoona, sanamuyang'anepo. Amayang'ana pamwamba pa mutu wake, ngati pali wina wamtali kumbuyo. Anasankha njira yomwe ndinkaidziwa kuti asankha.

"Ndinkaona ine," anatero. "Kalekale ndinkaona, ndinkangosunga mumtima." Anaimirira. "Nebert! Iwe Nebert! Makutu awa ndi a bambo athu. Makutu awa sagulidwa pamsika. Nthawi ija unkati ukupita ku kwaya Lachitatu lililonse, n'kumabwera mawu ali osasasa, unkapita kuti?"

"Achemwali, a Hellen ndinali ndisanawadziwe n'komwe..."

"Khala chete! Wandibisira magazi athu zaka zonsezi? Kundisiya ine ndizinena kuti mwana wa mwini, mwana wa mwini, anthu akundiseka kumbali?" Anabwerera pa chithunzi, chala chili patsogolo. "Taonani tsinyali. Ili ndi tsinya la bambo athu akamawerenga Baibulo. Ndinalizindikira nditangolowa. Nsapatoyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanga," achimwene anavomera motsitsa.

"Basi! Mwana waponda m'mapazi mwa bambo ake. Kiyi ndi umwini wa nyumba. Geti ndi lotseka chifukwa palibe akutuluka pano. Zinthu zoonekeratu chonchi!"

"Nanga chikasu chija?" ndinafunsa.

"Chikasu ndi golide, Lekani, usandisokoneze."

A Jobu anatsokomola pang'ono. "Pepani mayi, ndimati ndikumbutse. Mwambo uja mwafotokoza bwino uja suyang'ana makutu. Ngakhale mwanayo akhale wobereka alamu angawa, ndi wa mbumba yathu basi. Mwini wake ndine."

"Zimenezo ndi za kumudzi, a Jobu. Kuno ndi ku tauni. Mdzukulu wa a Lexon sangasiye sukulu ya ku Area 11 n'kumakathirira tomato. Mwana sapita kulikonse. Lekani, kamasule sutikesi ija."

Ndinadzuka msangamsanga. Kunena zoona ndikanakonda nkhani ikanathera pomwepo, bodza lija likhale mpaka a Hellen akwere ndege. Koma alamu anga ndi munthu woongoka mopitirira muyeso. Anapukuta m'maso n'kuyamba kuti, "Alamu, si choncho ayi, ndiloleni ndifotokoze." Ndinawaponda phazi. Anandichotsa phazi langa ndi dzanja. Asanapitirize, chitseko chinatseguka.

Analowa Tamando, baluni kudzanja lina, keke yokulunga m'pepala kudzanja linalo. Tsitsi anali atamumanga timipira tiwiri pamwamba penipeni pa mutu. Timakutu take tinali poyera, tating'ono, togona.

Anaona amalume ake, anaona sutikesi, anaona chithunzi chavundukulidwa. Baluni inamupulumuka n'kukagunda kudenga.

"Tabwera kuno," anatero a Immaculata.

Mwanayo anapita n'kugwada. A Immaculata anamugwira chibwano, kumutembenuzira uku, kumutembenuzira uko. Kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana bwinobwino, ndipo anatenga nthawi. Kunkangomveka nyimbo za kuphwando kuja.

"Makutu ali pachithunzi apo ndi a ndani?"

"Ndi a adadi."

"Anakuikira ndani?"

"A Yunusu. Ndinawauza ndine."

"Chifukwa chiyani?"

Tamando anakwinya tsinya lomwe lija la pachithunzi. "Adadi ali nawo. Aanti Lekani ali nawo. Amene ali nawo sapita ku Nathenje." Anagwira khutu lake lamanja, lomwe ndinaona tsopano kuti nsonga yake inali yofiira. "Ndinayesa kuwakoka ndi mapegi a zovala m'bafa, koma amapweteka, ndiye sakukula. A Yunusu anati iwo akhoza kundiikira ulere."

Ndakhala ndikuseka nkhani yonseyi, koma apa sindinaseke. Ndinakumbukira a Hellen akudandaula kuti mapegi akutha pachingwe, ife n'kumanamizira mphepo. A Hellen anadzuka kupita pawindo, natipatsa msana.

A Jobu anamuitana mwanayo, namukhazika pamwendo. Kenaka analankhula, osati kwa a Immaculata, koma kwa achimwene.

"Alamu, ine kwathu malo alipo, chakudya chilipo, sukulu ilipo. Mwanayu ndi wanga, sindingamukane. Koma sindinabwere kudzalanda mwana. Ndabwera chifukwa ndinauzidwa kuti mayi wake akachoka, kuno alibe womufuna. Chifikireni ndamva achemwali anu, ndamva chithunzi. Inu sindinakumveni."

Achimwene anakweza dzanja kuti avule magalasi. Ndinalumbira mumtima kuti akangowapukuta, ndiwaswa. Koma dzanja linaima m'njira, n'kubwerera pabondo.

"Womufuna alipo," anatero. Mawu anatuluka okanda, ngati geti losathiridwa mafuta. "Ndine. Ndi mwana wanga. Ndimuphikira, ndimuperekeza kusukulu, kumanga tsitsi ndiphunzira. Alamu, ndikupempha kwa inu ngati mwini mbumba, mundisiyire. Achemwali, mundikhululukire, koma Tamando sachoka pano."

Pawindo paja mapewa a a Hellen anatsika. A Jobu anangogwedeza mutu, ngati munthu amene wamva mtengo womwe ankauyembekezera.

A Immaculata anakhala tsonga. Chibadwire Nebert sanawayankhepo chotero, ndipo ndinaona kuti chawalasa. Anali atagonja kawiri masana amodzi, kumasulira kwawo konse kuli pansi, ndipo munthu wotero amafuna pogwira kuti adzuke.

"Wati ndi mwana wako," anatero mozizira. "Nanga makutu?"

Achimwene anamuyang'ana Tamando. "Akubwera," anatero. "Kwathu makutu amachedwa."

Limeneli linali bodza loti ngakhale mbuzi ya a Yunusu ikanaseka. Nebert anabadwa makutu ali kale pantchito, ndipo a Immaculata ndi amene ankamusambitsa. Tonse tinawayang'ana. Iwo anayang'ana khutu lofiira lija.

"Amachedwadi," anatero potsiriza. "Ndiye usamawakoke ndi mapegi, wamva? Ukawakoka amakwiya, amabwerera m'kati."

"Aanti, inu anu anabwera?"

Palibe mwa ife akanayerekeza kufunsa funso limenelo. Ndinayang'ana kukhomo kuti ndione kothawira. A Immaculata anakweza manja kumbuyo kwa mutu n'kumasula mfundo. Duku linatsika. Makutu anatuluka, onse awiri, otuwa pang'ono chifukwa chosaona dzuwa, koma athanzi, aakulu kuposa momwe ndinkawakumbukirira.

Tamando anatsika pamwendo pa amalume ake, pakamwa pali yasa. "Eee! Anu ndiye enieni! Aposa a adadi!" Anatambasula dzanja. "Ndigwire?"

Ubwana wawo wonse achemwali anga anthu ankawaseka chifukwa cha makutu amenewo. Munthu wowasirira anali asanakumane naye. Anaweramitsa mutu kuti mwanayo afikire, akung'ung'udza kuti m'manjamo muli keke.

Tinamasula sutikesi. A Jobu anadya, kutsanzika, n'kutulukira pa kachitseko kaja, achimwene akuwaperekeza wapansi mpaka pa siteji n'kumapepesa za galimoto. A Immaculata asanapite anaimanso pa chithunzi, duku lili m'manja, n'kulengeza kuti tsinya lija kwenikweni ndi la munthu wopemphera mozama. Palibe anawatsutsa.

Za makiyi tinamufunsa Tamando, poti tsopano aliyense anali atazindikira. Anati sakudziwa. Mayi ake anamuopseza, adadi ake anamunyengerera, ine ndinamulonjeza tchipisi. Anangoti mwina apezeka. Mwana ameneyu misonkhano ya akuluakulu saikhulupirira, wawaona akusintha maganizo kawiri tiyi asanazizire.

Dzuwa likupendeka foni ya a Hellen inalira. Anali a Jobu, akuti afika bwino ku Nathenje. Tamando anapempha kuti alankhule nawo yekha, nawafunsa ngati alowadi m'nyumba, ngati avula nsapato. Atakhutira anabweza foni, n'kupita pakhonde pomwe pamakhala nsapato zakale za achimwene. Anatola yakuda ija, yakumanzere, naigwedeza. Makiyi onse awiri anagwera pasimenti.

Ndinabwerera pabalaza kukayang'ananso chithunzi. Kiyi ali m'dzanja, dzanja lili pamwamba pa nsapato. Mwanayo anali atatiuza kale pomwe adzawaike, ife tili kalikiliki kufunafuna mufiriji.